George Washington Carver, Mphunzitsi wa Zomera

Mwezi uno tikumbuke munthu wakuda wa ku Amereka, George Washington Carver, amene anabadwa kapolo ku Missouri pafupi ndi caka ca 1864. Ukapolo utatha, anayenda mosauka kufuna sukulu, natsiriza maphunziro a ulimi ku Iowa.

M'caka ca 1896 Booker T. Washington anamuitana kukaphunzitsa ku sukulu ya Tuskegee. Atafika, sanapeza zipangizo zophunzitsira. Koma sanataya mtima. Anamka ndi anyamata ace kudzala, natola mabotolo ndi zitini zotayidwa, nazisandutsa zoyesera dothi ndi mbeu. Pakuti anafuna kuti wophunzira agwire yekha muzu, napenye ndi maso ace nchito ya Mlengi.

Poona kuti thonje lagugitsa minda, analangiza alimi kusinthanitsa mbeu, makamaka kubzala mtedza ndi khobwe, zimene zibwezera nthaka mphamvu. M'caka ca 1906 anakonza ngolo yonyamula zipangizo kumka nazo kwa alimi, ndipo m'caka ca 1910 analemba kabuku kothandiza aphunzitsi a kumidzi kulima dimba pamodzi ndi ana. Tsiku la Sabata madzulo anaphunzitsanso Mau a Mulungu. Anamwalira pa 5 January 1943.

Nanga ife a ku Kasungu, amene fodya atigugitsira minda? Mphunzitsi asalindire zipangizo zocokera kutali. Azule mtedza, naonetse ana timibulu ta pa mizu yace, momwe mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, tokokera m'nthaka conde cocokera mumpweya. Potero ana adzadziwa kusunga munda wa makolo ao, nadzalemekeza Iye amene anaupatsa.