M'bona wa ku Khulubvi, munthu amene anafera mvula ndi mphenzi

Amene mumasewera Mortal Kombat mukudziwa mmene zimakhalira: mwangodina batani, Raiden watulutsa mphenzi m'manja, Sub-Zero waumitsa mnzake gwa ngati ayisi. Mwezi uno pa gawo la mbiri ndakusankhirani munthu wa kwathu konkuno amene makolo ankati anali ndi mphamvu zoterozo magemu asanabwere n'komwe. Dzina lake ndi M'bona.

Mbiri yake inkangoyenda pakamwa, n'chifukwa chake agogo a ku Chikwawa ndi a ku Nsanje amasiyana pang'ono poifotokoza. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anakhalitsa m'chigwa muno, anasonkhanitsa nkhanizi m'buku lake River of Blood la 1992. Iye anagwirizanitsa imfa ya M'bona ndi nthawi ya cha m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu unkakula mphamvu pakati pa Amang'anja.

Nkhani yodziwika kwambiri imati M'bona anali mnyamata wofatsa, ndipo malume ake a Mlauli ndiwo anali ovinira mvula. Chaka china kunagwa chilala. A Mlauli anavina, kumwamba kuli mbee. Atalowa m'bwalo M'bona, mitambo inasonkhana, mvula n'kugwa. Ena amawonjezera kuti tsiku lomwelo mphenzi inapha mwana wa a Mlauli. Nsanje ndi chisoni zitakumana, M'bona anasanduka mdani wa abale ake omwe.

Anathawira kummwera, adani ali pambuyo. Amati m'njira ankatumphutsa madzi pamchenga, kumeretsa nkhalango pamalo popanda mtengo, ndipo akapanikizidwa ankasanduka nkhanga. Anamupeza ku Ndione, koma mikondo ndi mipeni sizinamulowe. Atatopa ndi kuthawa, iye mwini anawauza kuti amucheke pakhosi ndi tsamba la bango. Magazi ake amati anayenda ngati mtsinje, ndipo mutu wake anakauika ku Khulubvi, pafupi ndi boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wake mpaka lero. Kumeneko amalowako atavula nsapato, mitengo sadula, ndipo mayi amene amakhala ngati mkazi wa M'bona amatchedwa Salima. Mu 2011 dziko lathu linapereka dzina la Khulubvi ku UNESCO kuti aliganizire pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Tsopano tiyeni tiike gemu, nkhani ya makolo ndi buku la Fizikisi pa mphasa imodzi. Mu gemu, mphamvu ikatha mumangodikira pang'ono, yadzadza yokha. Ku Fomu 3 tinaphunzira kuti m'chilengedwe mphamvu silengedwa ndipo siwonongeka, imangosintha mtundu. Ndiye mvula mphamvu yake imachokera kuti? Ku dzuwa lomwe lija limatiwotcha mu Okutobala. Limatenthetsa nyanja ya Indian, Shire ndi madambo monga Ndindi, madzi n'kukwera ngati nthunzi. Mpweya wotentha ukamakwera umazizira ndi madigiri pafupifupi 10 pa kilomita iliyonse, mpaka nthunzi ija isanduke timadontho. Umenewo ndiwo mtambo.

Taganizani kuchuluka kwake. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Ikagwa ya mamilimita 20, munda umenewo walandira malita 200,000, zomwe ndi ndowa 10,000 za malita 20. Amene munatungapo madzi pa mjigo mukumva kulemera kwake, eti? Nanga ya namondwe Freddy ija ya mu Malichi 2023, imene inamiza midzi yathu? Palibe mkono wa munthu umene ungakweze madzi amenewo kumwamba, kapena kuwamangirira kuti asagwe.

Mphenzi nayo ili ndi njira yake. Pamwamba pa mtambo wa mabingu pamazizira kwambiri moti pamakhala tizidutswa ta ayisi ndi timatalala. Izi zikamawombana, magetsi amagawikana m'mtambomo, ndipo akachulukitsa amadumpha kupita ku mtambo wina kapena pansi. Mpweya wa m'njira yake umatentha mpaka madigiri pafupifupi 30,000, n'kufufuma mwadzidzidzi. Phokoso lakelo ndiye bingu. Magemu ena amanena zoona pa chinthu chimodzi: madzi a mumtsinje amadutsitsadi magetsi. Koma mphenzi yolozedwa kwa munthu ndi dzina lake, imeneyo ndi ya Raiden basi. Yeniyeni imakonda chinthu chachitali chimene chaima pachokha, kaya ndi mlambe, kaya ndi goloboyi pakati pa bwalo.

Mwina mukuti, nanga mnzathuyu akunyoza za makolo? Ayi ndithu. Ku Khulubvi ndimapereka ulemu, ndipo mwambo wosadula mitengo wasunga nkhalango ija pamene mapiri ambiri otizungulira ameteka mpala. Chimene chimandigwira mtima m'mbiri ya M'bona ndi imfa yake. Anthu atakhulupirira kuti mvula ndi mphenzi zili m'manja mwa munthu mmodzi, tsoka litagwa anadziwa woti amuthamangitse.

Zimenezi sizinathere m'nthawi ya Lundu. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi, ati ndiwo anaitumiza. Mvula ikachedwa timamvabe mphekesera zoti agogo akutiakuti aimanga, ndipo nthawi zambiri otsogola ndi miyala timakhala ife achinyamata. Dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Dzinja likubwerali, nayi ntchito yanu. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mumve bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Bola mwalimva bingulo, muli kale pafupi: imitsani mpira, tulukani m'madzi, kocheza bwato, musabisale pansi pa mtengo, lowani m'nyumba. Ndipo mukamva wina akuloza chala agogo a m'mudzi mwanu chifukwa cha mvula kapena mphenzi, musangoonerera. Muwerengereni ndowa 10,000 zija, kenako mukawadziwitse amfumu kapena apolisi zinthu zisanafike poipa.

Amene agogo anu amaifotokoza mosiyana nkhani ya M'bona, bwerani nayo Loweruka ku msonkhano tidzamve.