Eratosthenes: Munthu Amene Anapima Dziko ndi Mthunzi

Masiku ano munthu akafuna kudziwa kutalika kwa mtunda wocokera ku Lusaka kufika ku Ndola, amangolemba maina awiriwo pa lamya ya m'manja kapena pa kompyuta, ndipo yankho limafika asanaphethire. Maziko a masamu amenewa anaikidwa muno mu Africa zaka zoposa 2,200 zapitazo ndi munthu wina dzina lake Eratosthenes.

Iye anali Mgiriki, ndipo anabadwa ca m'ma 276 Kristu asanabadwe mu mzinda wa Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya. Atakula anakaphunzira ku Athens, ndipo mbiri ya nzeru zake inafika kwa mfumu Ptolemy III ya ku Egypt. Ca m'ma 245 mfumuyo inamuitana ku Alexandria, kumene anakhala mkulu wa nyumba ya mabuku yochuka ya mumzindawo. Analemba za masamu, nyenyezi, mbiri yakale ndi ndakatulo. Ena anamupatsa dzina lakuti Beta, cilembo caciwiri ca Cigiriki, ponena kuti m'phunziro lililonse anali waciwiri. Koma pa nchito yopima dziko anatsogolera onse.

Kunali kodziwika kuti ku Syene, mzinda umene lero ndi Aswan, pa tsiku lina la mwezi wa June dzuwa likafika pamutu, mtengo woimikidwa cilili sukhala ndi mthunzi. Koma ku Alexandria, kumpoto kwake, pa tsiku ndi nthawi yomweyo mthunzi umakhalapo. Eratosthenes anazindikira kuti cifukwa cake ndi cakuti dziko ndi lobulungira. Atapima mthunziwo anapeza kuti dzuwa lapendekeka madigiri 7.2, ndilo gawo limodzi mwa magawo 50 a mzere wozungulira. Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo unali mastadia 5,000. Tsono iye anacurukitsa 5,000 ndi 50, napeza kuti kuzungulira dziko lonse ndi mastadia 250,000. Muyeso wa stadia unali wosiyana m'madera osiyana, motero yankho lake likhala pakati pa makilomita 39,000 ndi 47,000. Lero tidziwa kuti ndi makilomita pafupifupi 40,000.

Sanalekere pomwepo. M'mabuku ake atatu ofotokoza maiko anajambula mizere pa mapu, ina yocokera kum'mawa kupita kumadzulo, ina yocokera kumpoto kupita kumwera. Mzere wake waukulu woyamba unadutsa ku Gibraltar ndi pa cisumbu ca Rhodes. Waciwiri unadutsa ku Meroe, Syene ndi Alexandria. Mizere yotere ndiyo inabala latitude ndi longitude, manambala awiri amene asonyeza malo alionse pa dziko.

Pa ukalamba wake maso ake anacita khungu, ndipo olemba akale asimba kuti analeka kudya mpaka anamwalira, ca m'ma 194, ali ndi zaka pafupifupi 80. Mabuku ake anatayika. Zimene tidziwa za nchito yake zinatifika kupyolera mwa olemba ena monga Strabo ndi Cleomedes.

Cimene kompyuta icita lero ndi masamu omwe aja, koma otembenuzidwa. Eratosthenes anadziwa mtunda ndi madigiri, napeza ukulu wa dziko. Kompyuta idziwa kale ukulu wa dziko, ndipo ikapatsidwa madigiri a malo awiri ipeza mtunda. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111. Lusaka ili pa madigiri 15.4 kumwera kwa equator, Ndola pa madigiri 13, ndipo mizinda iwiriyi ili pafupi kukhala pa mzere umodzi wa longitude. Kusiyana kwake, madigiri 2.4, kutipatsa makilomita pafupifupi 270 monga iulukira ndeke, ngakhale kuti pa mseu mtundawo uposa makilomita 300. Malo akasiyananso longitude pafunika kusamala, pakuti mizere ya longitude imayandikana pamene munthu atalikira equator, ndipo woiwala ici amalakwitsa mtunda.

Ophunzira a pambuyo pake anapezanso kuti dziko si lobulungira ndendende, koma ndi lophwanyika pang'ono kumpoto ndi kumwera. Cifukwa ca ici, mu 1975 Thaddeus Vincenty anafalitsa njira yolondola kwambiri yowerengera mtunda, imene makompyuta ambiri agwiritsa nchito.

Dziko lathu nalo linakhudzidwa ndi nchito imeneyi. Akatswiri opima malo anatsata mzere wa longitude wa madigiri 30 kuyambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1880, nadutsa m'dziko lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anaitsiriza mu 1954, pamene miyeso yao inalumikizana ndi ya ku Egypt, dziko limene Eratosthenes anapimako mthunzi uja.

Woyendetsa ndeke wowerengera mafuta a ulendo, ndi wopima malire a munda kuti abale asakangane, onsewa adalira nzeru ya munthu amene anzake anamuyesa waciwiri.