Élie Metchnikoff: Munthu Amene Anapeza Abwenzi M'matumbo Mwathu

Pa msika wa Balaka kapena wa Liwonde, munthu akagula chikho cha thobwa kapena chambiko, amamwa pamodzi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa zakumwazi. Amene anayamba kuphunzitsa dziko kuti tizilombo totere tingathe kukhala abwenzi a thupi ndiye Élie Metchnikoff.

Iye anabadwa m'chaka cha 1845 m'mudzi wina pafupi ndi Kharkiv, m'dziko limene lero ndi Ukraine. Anali mnyamata wa nzeru zakuya, kotero kuti maphunziro a zaka zinayi pa yunivesite anawatsiriza m'zaka ziwiri. Koma masautso sanamlambalale. Mkazi wake woyamba, Ludmila, anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1873, ndipo chisoni chinamgwira kwambiri mpaka anayesa kudzipha. Wachiwiri, Olga, anadwala taifodi mu 1880, koma anachira.

Tsono mu 1882, ali ku Messina m'dziko la Italy, anabaya minga m'tiana ta kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi. M'mawa mwake anaona kuti tinthu tamoyo ta m'thupi mwake tazinga mingayo. Apo anazindikira kuti thupi lili ndi asilikali ake amene amameza adani. Louis Pasteur anamlandira ku Paris mu 1888, ndipo mu 1908 Metchnikoff analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Paul Ehrlich.

M'chaka cha 1892 kolera inabuka ku Ulaya. Metchnikoff anamwa dala tizilombo ta nthendayi, koma sanadwale. Pofunafuna chifukwa chake, anaona kuti tizilombo tina ta m'matumbo timalepheretsa ta kolera kuswana, pamene tina timatithandiza. Pambuyo pake anamva za alimi a ku Bulgaria, okonda mkaka wosasa, kuti amakalamba ndithu. Iye anaphunzitsa kuti tizilombo tosasitsa mkaka timaletsa kuola kwa m'matumbo, ndipo mwini wake ankamwa mkaka wosasa masiku onse. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 15 Julaye 1916, ali ndi zaka 71.

Sizonse zimene ananena zinali zoona. Mkaka wosasa suletsa ukalamba. Koma akatswiri a masiku ano atsimikiza kuti tizilombo tabwino ta m'matumbo timathandiza kugaya chakudya, timapanga mavitamini ena, ndiponso timatsekereza toipa; ena akufufuza m'mene timachepetsera kuonongeka kwa thupi. Komabe thobwa si mankhwala a kolera. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wotsegula m'mimba amwetsedwe Thanzi ndi kupita naye ku chipatala msanga. Mkaka uziyamba wawiritsidwa, ndipo madzi ndi ziwiya zikhale zaukhondo.

Metchnikoff sanali munthu wa chipembedzo, ndipo chikhulupiriro chake anachiika pa nzeru za anthu. Koma Mkhristu poona ntchito yake amatamanda Mlengi, amene anaika atumiki ake ngakhale m'tinthu tonyozeka. Kusamala thupi ndi udindo wa munthu. Masiku a moyo wake amawerenga ndi Mulungu.