John Menteith, mkulu amene adapereka William Wallace ku Robroyston

Ambiri a ife amene tikukhala ku Glasgow dzina la Robroyston timalidziwa chifukwa cha siteshoni ya sitima, masitolo ndi nyumba zatsopano zimene zamangidwa kumpoto chakum'mawa kwa mzindawu. Koma m'mphepete mwa kamsewu kena konko muli mtanda wautali wamwala umene adauimika mu 1900. Mtandawo ukusonyeza malo amene William Wallace, ngwazi ya dziko la Scotland, adagwidwira mu Ogasiti 1305. Za Wallace tidamva kale, ena tidaonera ndi kanema wa Braveheart wa mu 1995. Lero tiyeni tione za munthu amene adamupereka, John Menteith, amene dzina lake anthu kuno amalitchulabe mokwinya nkhope patatha zaka 700.

Menteith sadali mlendo kapena mphawi wofuna kudya. Adabadwira kubanja lachifumu ndithu. Bambo ake adali Walter Stewart, mayi ake Mary, ndipo banjali ndilo linkalamulira dera la Menteith, kumpoto kwa Glasgow chakufupi ndi Stirling. Popeza John sadali mwana woyamba, ufumu wa deralo udapita kwa mkulu wake Alexander. Iye zake adayenera kudzipezera yekha, ndipo zimenezi zitithandiza kumvetsa mayendedwe ake.

Adakula dziko lili pachipwirikiti. Mfumu Alexander III idafa mu 1286 itagwa pa kavalo, ndipo mdzukulu wake Margaret, amene adayenera kulowa ufumu, adamwalira mu 1290 akali kamwana. Akuluakulu atayamba kulimbirana mpando, adaitana Edward I, mfumu ya England, kuti adzawaweruze. Kudali ngati kuitana fisi kuti adzagawe nyama. Edward adasankha John Balliol mu 1292, koma n'kumamutenga ngati nyakwawa yake. Balliol atakana kumvera, Edward adalowa m'dzikoli ndi nkhondo mu 1296, n'kuchotsa mfumuyo, n'kutenga mwala wa ku Scone umene ankalongerapo mafumu. Mwalawo udabwerera kuno mu 1996.

Pankhondo imeneyo Menteith adali kumbali ya kwawo. Pa 27 Epulo 1296 asilikali a Scotland adagonja ku Dunbar, ndipo iye adali m'gulu la ogwidwa amene adakatsekeredwa ku England. Mu 1297 adamumasula, koma atalonjeza kuti akamenyera Edward nkhondo ku Flanders, kutsidya kwa nyanja. Chaka chomwecho, pa 11 Sepitembala, Wallace ndi mnzake Andrew Moray adakantha gulu la nkhondo la England pa mlatho wa Stirling. Chisangalalo chake sichidakhalitse, pakuti mu Julaye 1298 Edward adabwera yekha n'kugonjetsa Wallace ku Falkirk. Menteith atabwerera kwawo adalowanso gulu la omenyera ufulu, ndipo kwa zaka zingapo boma la England linkamuwerenga ngati mdani.

Zinthu zidatembenuka mu 1304. Anthu adali atatopa, minda itatenthedwa, ndipo dziko la France, limene ankalidalira, lidali litagwirizana ndi England. Mu Febuluwale chaka chimenecho John Comyn, amene ankatsogolera dziko, adagonja pamodzi ndi akuluakulu ambiri. Robert Bruce, amene lero chifanizo chake chili ku Bannockburn, adali atagonjera Edward kale mu 1302. Choncho tisaganize kuti Menteith adali yekha ayi. Kugonja kudali kwa aliyense amene adali ndi malo oti ateteze. Wosiyana adali Wallace, amene Edward adakana kumulonjeza moyo, mpaka adalamula akuluakulu ena amene adangogonja kumene kuti amusake, kuti aonetse ngati kugonja kwawo kudali kochokera pansi pa mtima.

Mu Malichi 1304 Edward adapatsa Menteith udindo woyang'anira linga la Dumbarton ndiponso ukulu wa dera lonselo. Udindowu tingaufanizire ndi wa DC wa nthawi ya atsamunda kwathu: kutolera msonkho, kuweruza milandu ndi kugwira amene boma likuwafuna. Amene mudapitako ku Dumbarton, makilomita opitirira 20 kumadzulo kwa Glasgow, mudaona thanthwe lalikulu lija limene laima pamene mtsinje wa Leven umathira mu Clyde. Wogwira thanthwe limenelo ndiye ankagwira khomo la kumadzulo kwa Scotland. Edward sakadapereka malo otere kwa munthu amene sankamukhulupirira.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 1305 anthu a Menteith adamupeza Wallace ku Robroyston n'kumumanga. Adamutengera ku London, kumene pa 23 Ogasiti adamuimika mu Westminster Hall pamlandu woukira mfumu. Mbiri imati iye adakana mlanduwo ponena kuti sadalumbirepo kukhala munthu wa Edward. Tsiku lomwelo adamukoka ndi kavalo mpaka ku Smithfield, kumupachika, kumutsitsa akali moyo, kumutumbula, kenako kumudula mutu. Mutuwo adauika pa London Bridge, ndipo ziwalo zake adazitumiza kumizinda ya kumpoto, kuphatikizapo Newcastle ndi Berwick, kuti ena atengerepo phunziro.

Mabuku a boma la England adasunga mtengo wake. Mnyamata amene adazonda Wallace adamuikira mamaki 40, ndalama za nthawi imeneyo, ena amene adathandiza kumugwira adagawana 60, ndipo Menteith adamuikira malo a mtengo wa mapaundi 100. Mwezi wotsatira, Edward adamusankha kukhala mmodzi mwa nthumwi 10 za Scotland zimene zidakakambirana ku Westminster za kayendetsedwe katsopano ka dzikoli.

Mu Febuluwale 1306 Robert Bruce adapha John Comyn m'tchalitchi ku Dumfries. Bishopu wa Glasgow, Robert Wishart, adamukhululukira tchimolo, ndipo mu Malichi Bruce adalongedwa ufumu ku Scone. Bruce atafuna linga la Dumbarton, Menteith adakana kulipereka, ndipo Edward adamuthokoza pomupatsa ufumu wa dera la Lennox, umene mwini wake adali atatsata Bruce. Koma Edward adamwalira mu Julaye 1307, ndipo mwana wake Edward II adalibe mphamvu za bambo ake. Pofika Malichi 1309 Menteith adali atakhala kale pamsonkhano wa nyumba ya malamulo ya Bruce ku St Andrews.

Mwina mukufunsa kuti, nanga Bruce adamulandira bwanji munthu wotere? Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Menteith adali ndi anthu, adali ndi abale a banja lamphamvu la Stewart, ndipo ankadziwa bwino madera a kunyanja ya kumadzulo kumene Bruce adali ndi adani. Komanso Bruce akadati azilanga aliyense amene adagwadirapo Edward, akadayamba ndi iye mwini. M'malo mwake adamupatsa ntchito. Lennox idabwerera kwa mwini wake, koma Menteith adalandira malo ku Knapdale, ndipo mfumu inkamutuma kukakambirana ndi adani m'malo mwake.

Chodabwitsa kwambiri chidachitika mu 1320. Pa 6 Epulo chaka chimenecho akuluakulu a Scotland pafupifupi 40 adatumiza kalata kwa Papa John XXII yonena kuti dziko lawo ndi laufulu ndipo silidzagonjera England. Kalatayi, imene imatchedwa Declaration of Arbroath, anthu kuno amainyadira koposa, ndipo dzina la John Menteith lilimo. Munthu yemwe uja adapereka Wallace adaikanso chidindo chake pachikalata cha ufulu umene Wallace adafera. Mu 1323 adali nawo pazokambirana zosiya nkhondo ndi England. Adamwalira cha m'ma 1329, ali wolemera ndi wolemekezeka, osaimapo pabwalo lililonse kuyankha za Robroyston.

Komatu mlandu suola. Patatha zaka zoposa 150, mlakatuli wina wotchedwa Blind Harry adalemba ndakatulo yaitali ya moyo wa Wallace, ndipo m'menemo Menteith adasanduka bwenzi lapamtima limene lidapereka mnzake mwachinyengo. Akatswiri a mbiri amakayika zambiri za m'ndakatuloyo, koma anthu wamba adaimeza yonse. Kuyambira pamenepo amamutcha Fause Menteith, kutanthauza Menteith wachinyengo. Pakhoma la nyumba ya alonda ku linga la Dumbarton pali nkhope yosemedwa yonyansa imene amati ndi yake. Ena mpaka amati nyanja ya kwawo imatchedwa Lake of Menteith, osati loch monga nyanja zina za kuno, ngati chilango cha zimene adachita, ngakhale imeneyo ndi nthano chabe.

Omuikira kumbuyo amati adangogwira ntchito yake: adali atalumbira kwa Edward monga anzake onse, ndipo kugwira wothawa boma kudali udindo wa mkulu wa dera. Omutsutsa amati ambiri adagonja inde, koma si onse adanyamula chingwe kukamanga mnzawo, ndipo iye adalandirapo mphotho.

Ife Amalawi mkangano uwu sitiumva ngati wachilendo. John Chilembwe adaphedwa mu Febuluwale 1915 ndi apolisi achikuda amene ankalipidwa ndi boma la atsamunda. M'nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kutchedwa kapirikoni kunkatha kumuwonongera munthu moyo, ndipo dzinalo lidagwera olakwa ndi osalakwa omwe, pamene ena amene adadya ndi atsamunda adadzapeza mipando yabwino ufulu utabwera. Ku Scotland zidayenda chimodzimodzi. Mafumu awiri odana adamulipira Menteith aliyense panthawi yake, ndipo chiweruzo chokha chimene adalandira ndi cha pakamwa pa anthu.

Amene mungafune kudzionera nokha, sitima yochoka ku Glasgow Queen Street imaima pa Robroyston, siteshoni imene idatsegulidwa mu Disembala 2019. Chapafupi ndi mtanda uja palinso kasupe amene amamutcha Wallace's Well. Mukatenga ana, auzeni mayina onse awiri, la wogwidwa ndi la womugwira.