Margaret Woyera wa ku Castello: Wosaona Amene Adakana Kudzibisa

Pa 13 April chaka chilichonse, Mpingo umakumbukira Margaret Woyera wa ku Castello. Iye adabadwa m'chaka cha 1287 ku Metola, m'dziko la Italy, ali wosaona, walinunda pamsana ndiponso wamwendo umodzi waufupi. Makolo ake, Parisio ndi Emilia, adali anthu otchuka, ndipo poopa manyazi adamubisa kuti alendo asamuone. Ali ndi zaka pafupifupi 6, adamutsekera m'kachipinda kogundizana ndi tchalitchi. Pa kazenera ka chipindacho ndi pamene ankamvera Misa ndi kulandira Ukaristia.

Atasinkhuka, makolowo adapita naye mumzinda wa Città di Castello, kumanda a munthu wina wa chipani cha Fransisko Woyera, kumene kunkamveka mbiri yoti odwala akuchira. Ataona kuti mwana wawo sadachire, adamusiya komweko n'kubwerera kwawo.

Opemphapempha a mumzindawo ndiwo adamutola, ndipo mabanja osauka ankamusunga mosinthana. Asisitere ena adamulandira m'nyumba mwawo, koma pambuyo pake adamuchotsa chifukwa khama lake posunga malamulo a chipani linkawatsutsa mumtima.

Chotigwira mtima n'chakuti Margaret sadasunge mangawa ndi makolo ake kapena asisitere aja, ndiponso sadadzibise. Iye amene adakula ali wotsekeredwa adasankha kukhala pakati pa anthu. Adalowa gulu la akhristu wamba otsata Dominiko Woyera. Ankaphunzitsa ana chikhulupiriro ndi Masalimo amene adawaloweza pamtima, ankalera ana makolo awo ali kuntchito, komanso ankayendera odwala ndi akaidi. Motero anthu adaleka kuyang'ana chilema chake, nayamba kumukonda ndi kumulemekeza.

Adamwalira pa 13 April 1320 ali ndi zaka 33. Papa Paul V adamutcha Wodala mu 1609, ndipo Papa Francis adamuika m'gulu la Oyera pa 24 April 2021. Thupi lake lili m'tchalitchi cha San Domenico mumzinda womwewo.

Moyo wake ukutifunsa ife akhristu ndi makatekisiti. Kodi m'miphakati mwathu mulibe ana osaona amene akubisidwa m'nyumba? Tikakumana ndi munthu wosaona, kodi timalankhula naye mwini wake, kapena timangofunsa womutsogolera? Tiyeni timupatse moni pomutchula dzina, timuuze kuti ndife yani, ndipo timupatse udindo mumpingo monga mkhristu wina aliyense.

Margaret Woyera, mutipempherere.