MICHAEL FARADAY, MWANA WA WOSULA ZITSULO

Amene anafikako ku Maramba adziwa kuti kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya kuli nyumba ya makina a magetsi, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Madzi a Zambezi atsika ndi mphamvu m'mipope, nazunguza maginito pakati pa mawaya a mkuwa, ndipo nyale ziyaka. Munthu amene anatulukira njira imeneyi sanauone konse mtsinjewo. Pamene Dotolo Livingstone anafika pa mathithiwo m'caka ca 1855, iye anali mkulu wa zaka 64 ku London.

Michael Faraday anabadwa pa 22 September 1791. Atate wace anali wosula zitsulo, munthu wodwaladwala, ndipo m'nyumbamo njala inali mlendo wozolowereka. Sukulu sanapite nayo patali. Atafika zaka 14 anamloweza nchito yosoka mabuku kwa George Riebau, nakhala komweko zaka 7, akuwerenga mabuku amene anapatsidwa kuti asoke. M'caka ca 1812 anakamvera maphunziro a Humphry Davy ku Royal Institution, nalemba zonse anazimvazo, nazisoka bwino, nazitumiza kwa mwiniwace. Davy anamlemba nchito m'caka ca 1813, yomthandiza ndi kutsuka mabotolo.

M'caka ca 1831 anaona kuti maginito akayenda m'kati mwa waya wopota, magetsi abadwa m'wayamo. Akaima, magetsi aleka. Makina a ku Maramba ndi a ku Kariba aima pa mfundo imeneyi.

Koma pali cinthu cina cimene ambiri sacidziwa. Zitsulo zonse zikatentha, magetsi apita movutika m'kati mwace. M'caka ca 1833 Faraday anatenthetsa ndi nyale msanganizo wa siliva ndi sulfure, napeza zosiyana: pamene unalikutentha, magetsi anapita mosavuta. Cifukwa cace sanacidziwe, koma analemba monga anaonera, osakometsa. Patapita zaka zambiri anthu anazindikira kuti kutentha kumasula tinthu tating'onong'ono tonyamula magetsi, tochedwa maelekitironi, timene tinali tomangika. Zinthu za mtundu umenewu azicha semiconductor. Mwa izo anapanga transistor ku America m'caka ca 1947, ndipo wailesi, kompyuta ndi foni ya m'manja za masiku ano zacokera pamenepo. Ophunzira za magetsi ku yunivesite akomana nayo nkhaniyi m'zaka zao zoyamba.

Masamu ozama sanawadziwe. James Clerk Maxwell ndiye anaika maganizo ace m'masamu. Koma pa kuphunzitsa panalibe womposa. Kokwana 19 anaphunzitsa ana pa nyengo ya Khirisimasi, ndipo sanakonde kunena cinthu cimene sakanatha kucionetsa ndi manja. Ndi kandulo mmodzi yekha anawafotokozera za mpweya, madzi ndi moto. Aphunzitsi athu odandaula kuti alibe zipangizo angalingalire za kandulo ameneyo.

Anali mkulu wa mpingo waung'ono wa Sandeman, ndipo ankalalikira. Kawiri anakana kukhala mtsogoleri wa Royal Society. Anakananso kuthandiza boma kupanga mpweya wakupha pa nkhondo ya ku Crimea. Muukalamba anasautsika ndi kuiwala, kufikira analeka nchito.

Anamwalira pa 25 August 1867. Manda a ulemu a ku Westminster, kumene anaika Livingstone m'caka ca 1874, iye sanawafune. Anaikidwa ku Highgate, ndipo mkazi wace Sarah, amene anakhala naye zaka 46 wopanda mwana, anagonekedwa pomwepo m'caka ca 1879.