JOHN AMOS COMENIUS, BISHOPO AMENE ANALEMBERA ANA BUKU LA ZITHUNZI

Mwana akatsegula buku lace loyamba la kusukulu, napeza cithunzi ca nkhuku kapena ca khasu, ndi dzina la cinthuco litalembedwa pambali pace, sazizwa konse, pakuti ayesa kuti mabuku anakhala otero ciyambire. Koma si tero ai. Panali munthu amene anasauka zaka zambiri asanaipeze njira imeneyi, ndiye John Amos Comenius, amene anthu a mtundu wace amamucha Jan Amos Komenský.

Iyeyu anabadwa pa 28 March, 1592, m'dziko la Moravia, pakati pa Ulaya. Makolo ace anali a Mpingo wochedwa Umodzi wa Abale, umene unaphuka pa ciphunzitso ca John Hus, uja anatenthedwa pamoto ku Constance m'caka ca 1415. Atate ndi amai ace anamwalira iye ali ndi zaka ngati 12, ndipo cifukwa ca umasiye sanalowe sukulu ya Cilatini kufikira atakwana zaka 16. Kucedwaku kunamthandiza m'njira imene iye sanaiyembekeze. Popeza anali wosinkhuka kale, anatha kupenya bwino cimene anzace ang'onoang'ono sanathe kucichula: kuti aphunzitsi analikuwaloweza malamulo a Cilatini m'Cilatini momwemo, cinenero cimene anawo sanacimve, ndipo pamene mau anakana kulowa m'mutu, mkwapulo unagwira nchito. Amene analowezapo mau a cinenero cacilendo osadziwa cimene alikunena adzaumvetsa msanga mtima wa mnyamatayo.

Ataphunzira za Mulungu ku Herborn ndi ku Heidelberg, anadzozedwa ubusa m'caka ca 1616, ndipo mu 1618 anaikidwa mbusa ndi woyang'anira sukulu ku Fulnek. M'caka comweco inabuka nkhondo yoopsa ija ya zaka 30. Aprotestanti a ku Bohemia atagonja pa Phiri Loyera mu 1620, asilikari analowa m'Fulnek, Comenius nathawa kukabisala. Mkazi wace ndi ana ace awiri anafa ndi mliri mu 1622, ndipo mabuku ace anatenthedwa pabwalo la mudzi. Mu 1628 iye pamodzi ndi Abale ambiri anaoloka mapiri kunka ku Leszno, m'dziko la Poland, ndipo sanakhalenso kwao kufikira imfa yace.

Ku Leszno anabwerera m'cipinda ca sukulu, ndipo ndi kumeneko kumene anayamba kuphunzira luso lolembera ana. Tinena kuti kuphunzira, pakuti sanalipeze tsiku limodzi. Buku lace loyamba la mtundu uwu, Janua Linguarum Reserata, ndiko kunena Khomo la Zinenero Lotsegulidwa, linaturuka mu 1631. Maganizo ena anawatenga ku buku la William Bathe, wansembe wa Cijesuiti wa ku Ireland, ndipo sanacite manyazi kuphunzira kwa munthu wa gulu limene linazunza Mpingo wace. Anasonkhanitsa mau a Cilatini ngati 8,000, nawaika m'ziganizo 1,000 ndi m'mitu 100, kuti mwana pophunzira mau aziphunziranso za dziko lomzinga: nyenyezi, zomera, nyama, thupi la munthu, nchito za manja. Bukuli linachuka msanga, nilitembenuzidwa m'zinenero zambiri za ku Ulaya.

Munthu wina akadakhuta ndi ulemu umenewo. Koma Comenius anali kuyang'ana nkhope za ana, osati matamando a akulu, ndipo anaona kuti bukulo linali lolemera kwa oyamba kumene. Mau 8,000 ndi katundu wa munthu wamkulu. Cotero analemba kabuku kena kofewa, Vestibulum, ndiko Khonde, ka ziganizo zazifupi, kuti mwana ayambe wakhala pakhonde asanalowe pakhomo. Pa nyengo yomweyo analemberanso amai buku lowalangiza za kuphunzitsa ana osafika zaka 6 pakhomo pao: kuti awaonetse zinthu ndi kuzichula maina, awalole kusewera, ndi kuwapatsa zithunzi zoti azipenya. Masiku amenewo anthu ophunzira sanali kuyesa nkhani ya makanda kukhala yoyenera colembera ca mbusa.

Mbiri yace inamuyendetsa maiko. Mu 1641 anaitanidwa ku London, koma nkhondo ya pa ciweniweni ya ku England inaononga zonse zimene anapangana. Pambuyo pace anakhala ku Elbing zaka 6, akulembera sukulu za ku Sweden mabuku, ali ndi ciyembekezo cakuti Aswedi adzakumbukira Abale pa tsiku lopangana mtendere. Mtendere wa Westphalia unadza mu 1648, ndipo Abale sanakumbukiridwe. M'caka comweco Comenius anasankhidwa kukhala bishopo wotsogolera wa Mpingo wobalalika, wopanda dziko.

Cimene cinatsala kuti aciphunzire anaciphunzira ku Sárospatak, m'dziko la Hungary, kumene banja lacifumu la Rákóczi linamuitana mu 1650 kuti akonze sukulu. Anapeza ana osazolowera kuwerenga ndi aphunzitsi osafuna njira zatsopano, ndipo mabuku ace amene anatamandidwa m'mizinda yaikuru sanapindule kwenikweni kumeneko. Anasandutsa maphunziro a m'Janua kukhala masewero oti ana azicita pamaso pa anthu, ndipo ana amene anali kuodzera pa buku anadzuka. Kumeneko anatsimikiza mtima pa cimene anaciganizira kale, kuti palibe kanthu kalowa m'nzeru kosayamba kadzera m'maso, m'makutu kapena m'manja. Ngati mphunzitsi sakhoza kubwera ndi ngamila kapena combo m'sukulu, abwere ndi cithunzi cace.

Motero linabadwa buku la Orbis Sensualium Pictus, Dziko Looneka m'Zithunzi. Ku Sárospatak kunalibe mmisiri wosema zithunzi pa timatabwa tosindikizira, cotero zolembazo zinatumizidwa ku Nuremberg, kwa wosindikiza Michael Endter, ndipo bukulo linaturuka mu 1658 m'Cilatini ndi m'Cijeremani, mlembi wace ali ndi zaka 66.

Tiyeni tilitsegule. Pa tsamba loyamba pali mphunzitsi alikuitana mnyamata kuti adze kudzaphunzira. Pamenepo patsata malemba a alifabeti, koma osati ouma monga m'mabuku akale: lemba liri lonse liri ndi cithunzi ca camoyo kapena cinthu cimene kulira kwace kufanana nalo. Khwangwala aphunzitsa A, nkhosa B, khanda lolira E, mphepo F, galu wodzuma R, njoka S. Mwana amene adziwa kale kulira kwa nkhosa aona kuti lembalo si mlendo. Pambuyo pace pali mitu 150, kuyambira pa Mulungu ndi cilengedwe, kupyola pa mbalame, nsomba, ziwalo za thupi, mlimi, wosula, woomba nsaru, wophika mkate, wosindikiza mabuku, masewera a anyamata, banja, mzinda ndi zipembedzo za anthu, kufikira pa Ciweruzo Cotsiriza. M'cithunzi ciri conse zinthu zaikidwa manambala ang'onoang'ono, ndipo manambala omwewo aima pambali pa maina ace m'mau a pansi, m'Cilatini ndi m'cinenero ca mwanayo, kuti cala ca mwana ciziyenda kucokera pa cinthu kunka pa dzina. Ngakhale zosaoneka anayesa kuzionetsa: mzimu wa munthu anaujambula ngati cithunzithunzi ca munthu ca timadontho pa nsaru. Ena adzati apa anapyola muyeso, ndipo kapena atero ndithu. Koma mwana wofunsa za mzimu sanabwezedwe manja ali zi.

Bukuli lisanaturuke, tsoka linamgweranso. Mu 1656 asilikari a Poland anatentha Leszno, ndipo m'moto umenewo munapsa nyumba yace ndi zolemba zace zambiri, pamodzi ndi buku lalikuru lomasulira mau a Cicheki ndi Cilatini limene analisonkhanitsa zaka zoposa 40. Nkhalambayo inathawira ku Amsterdam, kumene banja la De Geer linaisunga, ndipo kumeneko mabuku ace a za maphunziro anasindikizidwa pamodzi mu 1657. Anamwalira pa 15 November, 1670, naikidwa ku Naarden.

Anafa akuyesa kuti Mpingo wace ulikutha naye. Koma mu 1722 otsala a Abale anamanga mudzi wa Herrnhut pa malo a Count Zinzendorf, ndipo mu 1735 mdzukulu wa Comenius, Daniel Ernst Jablonski, anadzoza bishopo wao woyamba. Mwa iwo munaturuka amishoni a Moravian, amene mu 1891 anafika ku Rungwe, kumpoto kwa Nyanja ya Malawi. Orbis Pictus inatembenuzidwa m'Cingerezi ndi Charles Hoole mu 1659, nisindikizidwa kawirikawiri m'zinenero zambiri kwa zaka zoposa 150. Goethe, mlembi wamkuru wa Ajeremani, anaichula pakati pa mabuku a ubwana wace. M'maiko a Czechia ndi Slovakia tsiku la kubadwa kwa Comenius, 28 March, ndilo Tsiku la Aphunzitsi.